Mutu 4: Chitini cha Azakhali Felizarda

1. Benchi la pachipata

Amene anakhalako ku Milange zaka zoyamba za ufulu akudziwa kuti mchere sunali chinthu choseweretsa. Sopo akasowa, anthu ankachapa ndi phulusa. Shuga akasowa, ankamwera tiyi mbatata. Koma mchere ukasowa, eee, m'nyumba simunkamveka kuseka. Zikangomveka kuti lole ya mchere yafika kuchokera ku Kelimane, ngakhale wodwala mwendo ankadzuka.

Mayi ake a Laurinda, a Olinda, ankagulitsa mchere pamsika waukulu wa m'tauni. Benchi lawo linali pachipata penipeni, pansi pa denga la malata, pomwe aliyense wolowa ankayambira kuponya maso. Malo amenewo ankawasirira ambiri. Kunja kwa mpanda kunali amayi ogulitsira padzuwa, ndipo ena mwa iwo ankangodikira tsiku loti mwini benchilo apunthwe.

Kupunthwa kwake kunali kosavuta. Boma linaika malamulo pamsikapo. Benchi likakhala lopanda munthu, ankalipereka kwa wina. Wogulitsa akapezeka akubera anthu pa muyeso, ankamulanda benchi tsiku lomwelo, popanda za pepani.

Tsono a Olinda anali oyembekezera, ndipo anamwino anawauza kuti akadikirire kuchipatala. Amuna awo ankagwira ntchito ku minda ya tiyi kutsinde kwa phiri la Tumbine, n'kumabwera Lamlungu lokha. Wotsala anali Laurinda, mtsikana wa kalasi yachisanu ndi chimodzi, wamanyazi ngati mkamwini watsopano. Mwamwayi sukulu inali itatsekera.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, a Olinda anamukhazika pamphasa, chitini choyezera mchere chili m'manja.

"Laurinda mwana wanga, tchera khutu. Chitini ichi ndi chimene chimatidyetsa. Ukuchiona chidindo chili m'mphepetemu? Anakhoma ndi a boma, atachiyeza ndi madzi ine ndikuona. Kale tinkagula kukantini, sitolo ya atsamunda ija, mwini wake ali kuseri kwa thabwa, sikelo itayang'ana kwa iye. Ukati ufunse, ankakuthamangitsa ngati nkhuku. Lero ati wogula aziona ndi maso ake, ndipo mtengo ukhale womwe walembedwa pachipata. Choncho iwe uzidzaza chitini, n'kusalaza pamwamba ndi kandodo aka. Basela ndi zala zitatu basi, chifukwa mcherewu nafenso timaugula woyeza. Anthu adzadandaula, asiye adandaule. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Azakhali ako a Felizarda ali pabenchi loyandikana ndi lathu. Uziwalemekeza, ndi mlongo wa bambo ako, akakutuma madzi uzipita. Koma pa za muyeso usafunse munthu. Ndikabwerako ndidzapeze benchi langa, wamva?"

"Ndamva, amayi," anatero Laurinda.

2. Basela ya kwa Felizarda

Kumva n'kosavuta ukakhala pamphasa. Pamsika ndi nkhani ina.

Azakhali Felizarda anali mayi wa thupi lawo, wa mawu omveka mpaka ku msewu wa ku Muloza. Akayamba kuitanira malonda, ngakhale ogulitsa nsomba zouma ankasiya kukangana.

"Bwerani kuno, abale anga! Kwa Felizarda munthu sachoka ndi thumba lopepuka!"

Wogula akafika, iwo ankatunga mchere mpaka kupanga kaphiri pamwamba pa chitini, n'kukhuthula. Kenako ankatapa dzanja lodzaza. "Iyi ndi basela yanu." N'kutapanso lina. "Iyi ndi ya mwana ali kumbuyoyo. Iyinso kaperekeni kwa apongozi, asamakunyozereni ndiwo." Anthu ankachoka akuseka, mano onse pamtunda.

Laurinda ankachita monga anauzidwira. Ankadzaza, n'kusalaza ndi kandodo, n'kutsina basela ya zala zitatu, maso ali pansi.

"Iwe mwana," anatero mayi wina, "mcherewu ukuumeta mpala chifukwa chiyani? Uli ndi nsabwe?"

"Basela yake ndi imeneyi?" anafunsa wina. "Ukudyetsa anapiye kapena?"

"Mayi ako ankasalazanso, inde," anatero wachitatu, "koma ankasalaza akutifunsa za kunyumba. Iwe ukungokhala duu."

Onsewo anadutsa n'kukaima kwa azakhali. Ngakhale anthu amene ankagula kwa a Olinda chaka ndi chaka anayamba kulambalala, akunamizira kuyang'ana tomato. Masiku anapita, dengu la Laurinda lili chidzadzire. Amayi a kunja kwa mpanda anayamba kusuzumira ndi kunong'onezana. Zinamupweteka Laurinda, zinamupweteka kwambiri, moti tsiku lina anapukuta misozi ndi dzanja la mchere, maso n'kuwawa kawiri.

3. Kuseri kwa matumba

Masana ena, msika utazizira, azakhali anamukodola. Anamutengera kuseri kwa matumba a nyemba, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Mwana wa mchimwene wanga sangamalire ine ndilipo. Taona apa."

Anatembenuza chitini chawo chadodolido. Laurinda anatsegula pakamwa. Pansi pa chitinicho panali polowa m'kati, pokankhidwa bwinobwino ndi mutu wa munsi. M'kati mwake mchere wakale unali utaumirira, moti ukasuzumira sukanaona kanthu. Chidindo cha boma chinali pomwepo m'mphepete, chikuwala ngati cha mayi ake.

"Anayamba adinda, ine n'kugogoda pambuyo," anatero azakhali, akuseka chamumtima. "Mwanawe, anthu sagula ndi thumba, amagula ndi maso. Basela yonse ndimawapatsayo ndi mchere wawo womwe, ndipo wina umatsalirabe kwa ine. Iwo akondwa, ine ndakondwa. Walira ndani? Bweretsa chitini cha mayi ako ndikugogodere, kamodzi kokha basi."

"Iyayi, azakhali, cha amayi chokha ayi."

"Chabwino, nkhutukumve iwe. Ndili ndi china chapadera, tenga ichi. Ukufuna mayi ako adzapeze ogula awo onse atathawa? Mwana akubwerayo adzavala chiyani, masamba a nthochi?"

"Nanga a fisikale?"

Fisikale anali munthu wa boma woyendera mitengo ndi miyeso pamsika. Wa ku Milange dzina lake anali a Lino.

"Lino?" Azakhali anaphulika kuseka. "Njinga yake inathyoka foloko ku Mongue. Ameneyo tidzamuona mvula ikagwa."

Laurinda anakumbukira dengu lake lodzaza lija. Kenako analandira chitinicho n'kuchibisa pansi pa nsalu m'dengu. Inu owerenga, musafulumire kumuseka. Ambiri a ife tikanalandira ndi manja awiri.

4. Laurinda apeza mawu

M'mawa mwake linali Loweruka, tsiku la msika waukulu. Laurinda anakankhira chitini cha mayi ake pansi pa benchi, n'kukhazika cha azakhali pamwamba pa mchere.

Woyamba kufika anali mayi wachikulire wa kapulana yofiira, chitenje cha kumeneko, ndodo ili m'manja. Laurinda anatunga mpaka kaphiri, n'kukhuthula. Anatapa dzanja lodzaza.

"Iyi ndi basela yanu, agogo."

"Aaa! Wachangamuka liti mwana iwe?"

"Iyinso ndi ya ndodo yanuyo, yatopa kukuperekezani."

Mayi uja anaseka mpaka kutsokomola, ndipo anapita akuuza aliyense wokumana naye. Posakhalitsa pabenchi la pachipata panali mzere. Manyazi a Laurinda anathawira kwina. Anayamba kuitanira, anayamba nthabwala, mpaka anapeka kanyimbo ka mchere. Azakhali ankamutsinzinira diso limodzi ali pabenchi lawo. Kunena zoona, Laurinda anakondwa tsiku limenelo kuposa masiku onse a tchuthi.

5. Mlendo wa ku Majaua

Dzuwa litakwera, panafika bambo wina wamtali akukankha njinga, fumbi lili mpaka m'nsidze. Anatsamiritsa njinga pamzati, n'kuvula chipewa.

"Benchi la mayi Olinda ndi lino?"

"Ndi lomweli, bambo. Ine ndine mwana wawo."

"Ndiye ndafika. Ine ndine Silvestre, wa ku Majaua." Anamasula thumba lalikulu pakaliyala. "Mwana wanga, undiyezere bwino. Mcherewu si wanga ndekha. Kwathu n'kutali, ndiye mabanja amasonkherana n'kutuma munthu mmodzi wa njinga. Ndikafika timayala mphasa pabwalo, n'kugawana ndi chitini chonga chomwechi, aliyense monga anaperekera. Ulendo wathawu ndinagula pamsika pompano, kwa wina amene anandipatsa basela mpaka ndinavina. Koma nditafika kwathu, tagawa, tagawa, mchere n'kutha, mabanja awiri asanalandire. Anati ndinagulitsa m'njira. Apongozi anga enieni ananditcha wakuba ana anga akumva. Ndakula chonchi sindinabepo ngakhale chinangwa cha munthu. Lero andipatsa mwayi wotsiriza, ndipo wina wandiuza kuti chitini cha mayi Olinda sichinama. Basela usavutike nayo. Ungondipatsa zanga."

Laurinda anali atagwira kale chitini cha azakhali, chodzaza mpaka kaphiri. Anayang'ana kwa azakhali, ndipo iwo anali kalikiliki kumanga thumba lomwe linali lomanga kale.

Laurinda anakhuthulira mchere uja m'dengu momwe unachokera. Anawerama, n'kuponya chitini chogogodacho pansi pa benchi, n'kutulutsa cha mayi ake ndi kandodo kake.

"Bwanji wasintha?" anafunsa a Silvestre.

"Cha amayi ndi ichi, bambo."

Anadzaza, n'kusalaza. Anadzaza, n'kusalaza, mpaka thumba linakwana. A Silvestre anamuyang'anitsitsa.

6. Jagi ya boma

Asanamalize kumanga thumba pakaliyala, pachipata panalira wezulo. Pyoo! Msika wonse unatembenuka.

Anali a Lino, fisikale uja, atabwera wapansi. Anali kamunthu kafupi, ka ndevu zochepa, kovala malaya a khaki otuwa. Dzanja lina ananyamula ndowa ya madzi, lina jagi yachitsulo ya boma. Njinga inathyokadi, koma miyendo inali yonse.

"Makamarada, abale anga, mwadzuka bwanji? Musathawe, ndabwera kudzamwetsa zitini zanu madzi. Zili ndi ludzu."

Anthu anaseka, koma ena kuseka kwake kunali kwa mano okha. Kayezedwe kake kanali kodziwika. Ankadzaza jagi ya boma, n'kutsanulira m'chitini cha wogulitsa. Chitini chabwino chinkamwa madzi onse. Chobera chinkasefukira.

Poti benchi la pachipata ndilo loyamba, anayambira pomwepo. Anatenga chitini cha a Olinda, n'kugwedeza mchere, n'kutsanula. Madzi onse analowa, osataya ndi dontho lomwe.

"Ndimadziwa ine," anatero a Lino. "Apa sindichedwapo. Ukawapatse moni mayi ako." Ananyamula ndowa yawo kuti azipita.

Basi, zikanathera pomwepo. Chitini china chija chinali phee pansi pa benchi, ndipo palibe akanachifunsa. Koma nthawi yomweyo mayi wina wobereka mwana, amene anagula m'mawa, anakweza thumba lake m'mwamba.

"A fisikale, mwana uyu ndi wa mtima wabwino! Taonani basela wandipatsa. Kwathu tidya mwezi wonse!"

Laurinda anamva manyazi otentha kuyambira kumapazi. Anaimirira.

"A fisikale, dikirani. Chilipo china."

Anawerama, n'kutulutsa chitini chogogoda chija, n'kuchiika pabenchi anthu onse akuona.

"M'mawa wonse ndimayezera ichi."

A Lino anatula ndowa pansi. Anadzaza jagi, n'kuyamba kutsanula. Madzi anafika pakamwa pa chitini jagi isanathe, n'kusefukira pabenchi, n'kutsikira pa nsapato zawo. Anatembenuza chitinicho, anthu n'kuona dzenje la pansi lija.

"Mayo ine!" anakuwa mayi wa mwana uja, akutsitsa thumba lake.

Kunja kwa mpanda wina anati, "Benchi lapita limenelo." Laurinda anawamva bwinobwino mawu amenewo.

A Lino anakwera pa bokosi kuti aoneke, poti msinkhu unawamana.

"Makamarada, tamverani. Inu ogula ndinu amene mumandidabwitsa. Munthu akakupatsani zanu zonse mwakachetechete, mumamunyoza kuti ndi woumira. Wina akakuberani n'kukubwezerani theka akuimba nyimbo, mumamuombera m'manja. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere! Chidindo tinakhoma ife n'choti mayi wa ku Mongue wosadziwa kuwerenga agule mofanana ndi mkazi wa mkulu wa ofesi. Msonkho wa pamsika umene ogulitsawa amapereka ndi womwe unagula malata awa ndi jagi iyi, ndipo jagiyi ndi yanu. Mukakayikira muyeso, bwerani mudzandiitane, ndi ntchito yanga. Ndipo iwe mwana wa Olinda, mayi ako anamanga dzina pabenchi ili zaka zambiri, kandodo kali m'manja, anthu akuwaseka. Iwe ukanaligumula m'mawa umodzi. Wobera pa muyeso saba mchere wokha ayi. Amakayambitsa ndewu m'nyumba za anthu amene sadzawaona n'komwe."

"Zoona zimenezo!" anatero a Silvestre mokweza. "Ine ndine mboni. Koma a fisikale, mwana uyu anasintha chitini yekha nditamuuza mavuto anga, inu musanafike. Ndipo mukanapita osadziwa kanthu akanakhala chete."

A Lino anakanda ndevu zawo zochepazo.

"Lamulo likuti ndilande benchi. Koma ndikalanda, amene aberedwa m'mawawu apita kwawo ndi matumba opepuka, ndipo ine ndikhala sindinathandize munthu. Tichite chonchi. Iwe mwana, aliyense amene wamuyezera ndi chitini ichi umupeze, umuyezerenso ndi cha mayi ako, umuwonjezere chosowacho. Msika ukamatsekedwa ndimve kuti watsala mmodzi, benchi ndipereka kwa wina. Mwagwirizana nazo, makamarada?"

"Eee!" unayankha msika. Ochepa okha a kunja kwa mpanda ndi amene sanayankhe.

7. Liwiro la pa msewu wa ku Muloza

A Lino analiza wezulo n'kulengeza kuti onse ogula pabenchi la pachipata m'mawawo abwerere. Abale inu, anthu anabwera! Anabwera ogula, anabweranso amene sanagule n'komwe. Bambo wina anafika ndi thumba la mchere wakuda wa chaka chatha, nkhope ili yachisoni.

"Inu bambo simunagule kwa ine," anatero Laurinda. "Munadutsa ndi mbuzi."

"Ndimangoyesa mwayi," anatero bamboyo, anthu n'kufa nacho chiseko.

Laurinda ankawakumbukira anthu ake, wina ndi duku, wina ndi mwana, wina ndi nthabwala imene anamuuza. Ankakhuthula thumba lililonse, n'kuyezanso, n'kuwonjezera. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale ndi basela yonse ija, thumba lililonse linkaperewerabe. Aliyense ankapepesedwa, ndipo ambiri ankachoka akupukusa mutu.

Mzere utatha, a Lino anafunsa, "Onse akwana?"

Laurinda akanatha kungoti eya. Koma anati, "Watsala mmodzi. Agogo a kapulana yofiira, a ndodo. Ndi amene anayamba kugula."

"Amenewo apita kalekale," anatero wogulitsa tomato. "Alowera msewu wa ku Muloza."

Dzuwa linali litapendeka, ndipo ena anali atayamba kale kulongedza. A Silvestre anatsitsa thumba lawo pakaliyala n'kulisiya m'manja mwa a Lino.

"Kwera, mwana wanga. Njinga iyi yachoka ku Majaua, singalephere kupeza munthu wa ndodo."

Laurinda anamanga mchere pa kansalu, anatenga chitini ndi kandodo, n'kukwera. Anadutsa ofesi ya boma, anadutsa mitengo ya mango, nkhuku zikubalalika. Patali ndithu anaona kapulana yofiira ikuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu.

"Agogo! Agogo a mchere! Taimani!"

Mayi uja anacheuka. Ataona kuti ndi mwana wogulitsa mchere uja, ali ndi bambo wamtali, anakumbatira thumba lake.

"Basela sabweza!" anakuwa. "Munandipatsa nokha!"

Atatero anakwapatira ndodo m'khwapa n'kuliyatsa liwiro kulowa m'munda wa chinangwa. Munthu amene m'mawa ankayenda ngati mawondo atha! A Silvestre anaseka mpaka njinga inagwera m'ngalande. Laurinda anadumpha n'kumuthamangira, akufuula kuti, "Sindikulanda, ndikuwonjezera!"

Anakamupeza atakhala pamzere, akupuma wefuwefu, thumba ataliika pansi pa miyendo. Laurinda anagwada n'kufotokoza zonse. Mayi uja sanakhulupirire mpaka ataona ndi maso ake mchere wake ukuperewera m'chitini cha a Olinda. Laurinda anawonjezera, n'kusalaza, n'kutsina zala zitatu.

"Ndakula ndaona zambiri," anatero mayiyo, "koma wogulitsa wothamangitsa munthu kuti amuwonjezere, ndamuona lero. Ukawauze a fisikalewo kuti ndalandira. Ndipo undithandize kudzuka, mawondo abwerera."

8. Chitini n'cha yani?

Anafika pamsika mlonda atagwira kale chitseko cha pachipata. A Lino anali atakhala pa thumba la a Silvestre, akudya nthochi.

"Alandira," anatero a Silvestre, akupukuta thukuta. "Tachita kuwasaka m'chinangwa."

A Lino anaimirira. Anaika chitini chogogoda chija pamwala, n'kuchiphwanya ndi nyundo mpaka chinakhala phwatalala. Kenako anamenya benchi ndi chikhatho.

"Benchi ili ndi la Olinda. Lolemba ndikupeze pano, kandodo kali m'manja."

Laurinda anangogwira m'mphepete mwa benchilo ndi manja onse awiri, misozi ikutsika, uku akuseka. A Silvestre anamanga thumba lawo, n'kulonjeza kuti Majaua yense adzamva za benchi la pachipata, ndipo anapalasa ulendo wa kwawo.

"Funso limodzi latsala," anatero a Lino, atatsitsa mawu. "Mwana ngati iwe sungagogode chitini mwaluso chonchija. N'cha yani?"

Laurinda anayang'ana benchi loyandikana nalo. Linali lopanda munthu. Azakhali Felizarda anali atazemba nthawi ya chipwirikiti ija, dengu ndi chitini chawo chomwe. Anabweza maso msanga, koma a Lino anali ataona kale komwe anayang'ana.

"Hmm. Khoswe akakhala pamkhate sapheka," anatero. "Lero watopa, sindikukakamiza. Koma Lolemba ndidzafunsanso, ndipo ndidzafuna yankho."

Laurinda anatula dengu kunyumba, n'kuthamangira kuchipatala kuti akawauze mayi ake yekha, nkhani isanawapeze ndi pakamwa pa ena. Pakhomo la chipinda cha amayi, namwino anamugwira paphewa akumwetulira.

"Ndiwe mwana wa a Olinda? Uli ndi mlongo wako, wabadwa masana ano. Lowa ukamuone."

Analowa akudumphadumpha. Koma atafika pakati pa chipindacho, anaima chilili.

Pabedi la mayi ake panali patakhala azakhali Felizarda, khanda lili m'manja mwawo, pakamwa pali pafupi ndi khutu la a Olinda. Atamuona anasiya kunong'ona, n'kuyamba kupukuta maso ndi nsonga ya kapulana.

A Olinda sanamwetulire.

"Laurinda," anatero, "tseka chitseko, ubwere kuno. Azakhali ako akuti watichititsa manyazi pamaso pa msika wonse. Ndikufuna ndimve kwa iwe."